Mwana akufuna kudzafufuza za nyanja yamchere, koma kwathu ndi ku Salima

Mayi wina wa ku Senga Bay wafunsa za mwana wake wamkazi wa Fomu 3, yemwe wakakamira kuti adzakhale wofufuza za nyanja zikuluzikulu zamchere. Bambo ake akuti ku Malawi kulibe nyanja yotero, komanso za pamadzi n'za asodzi, ndiye angosankha unamwino. Mayiyu akufuna kudziwa zimene anthu a ntchitoyi amachita tsiku ndi tsiku, ndiponso ngati ingadzamudyetse.

Mayi, pa za nyanja yamchere bambo sakulakwa, chifukwa yapafupi ili ku Mozambique, ku Nacala kapena ku Beira. Koma musapeputse madzi amene mumachapiramo zovalawo. Nyanja ya Malawi ndi yakuya pafupifupi mamita 700 cha kumpoto, ndipo mukatsika kupitirira mamita 200 mpaka 250 mulibenso mpweya wa okosijeni, kotero nsomba zonse zimakhala m'madzi apamwamba okha. Mwera ukaomba nthawi yozizira umakankhira madzi ofunda apamwamba kumpoto, kenaka kumwera kumavumbuka madzi apansi okhala ndi michere imene imameretsa tindere todyedwa ndi tizilombo tomwe usipa umadya. Zotere zimachitikanso m'nyanja yamchere, ndipo zida zopimira n'zomwezo.

Tsiku lopita panyanja limayamba kusanache, mafunde asanakule. Boti likafika pamalo osankhidwa, woyamba kugwira ntchito ndi wa cholembera: alembe nambala za GPS, nthawi, kumene mphepo ikuchokera. Kenaka amatsitsa kachimbale koyera komangidwa pachingwe, kotchedwa Secchi, mpaka katasiya kuoneka, n'kuyeza kutalika kwa chingwecho. N'kachida kotchipa zedi, koma kamaulula mmene madzi adera ndi matope, monga amene Linthipe amakokolola nthawi ya dzinja. Chida chodula ndi CTD, chimene chimatsika chikulemba chokha kutentha kwa madzi, kuchuluka kwa mchere ndi kuya kwake. Palinso mabotolo a Niskin omwe amatsika ali otsegula n'kukatsekeka pamene wofufuzayo akufuna, ukonde wa maso ang'onoang'ono wokokera tizilombo tosaoneka bwino, ndi makina otumiza phokoso pansi pamadzi kuti aonetse pamene nsomba zaunjikana.

Apa ndipo ana ambiri amakhumudwa. Amayembekezera kumasambira ndi nsomba zokongola ngati za pa kanema. Odumphira pansi alipo, makamaka ofufuza mbuna m'miyala ya kuzilumba za Maleri, koma pa ntchito yonse gawo limenelo n'laling'ono. Zambiri ndi kusefa madzi, kumata mapepala pamabotolo, kusanza boti likamavina, ndi kupsa ndi dzuwa. Ukabwerako pamakhala masabata a m'labotale: kuwerenga tizilombo pa maikulosikopu kamodzikamodzi, kutumbula nsomba kuti uone chimene inadya ndi ngati ili ndi mazira, kuchotsa timiyala ta m'khutu mwake tomwe tili ndi mizere yosonyeza zaka za nsombayo ngati ya pachitsa cha mtengo. Pomaliza ndi kompyuta, ndipo pamenepo m'pamene pamathera nthawi yochuluka. Botolo limodzi losalembedwa bwino limataya mafuta onse a ulendowo. N'chifukwa chake ine ndimayang'ana kope la mwana ndisanamufunse ngati amadziwa kusambira.

Kafukufuku wina safuna n'komwe boti. Alangizi a nthambi yoona za nsomba amakhala padooko m'mawa kudikira asodzi a ukonde wa chilimira, kulemba mtundu wa nsomba, kulemera kwake ndi ukonde umene wagwiritsidwa ntchito. Kuchokera pa manambala otere, osonkhanitsidwa zaka zambiri, m'pamene zinadziwikira bwino kuti chambo chikuchepa. Ndipo wofufuza wanzeru amamvera asodzi. Pachilumba cha Mbenji, m'dera la a Makanjira konkuno ku Salima, mafumu akhala akutseka usodzi nthawi ya dzinja kuyambira m'ma 1950, ndipo ophunzira amapita kukafunsa mmene amachitira.

Kunyanja yamchere zonsezi zimangokula. Ulendo umatenga masabata, anthu amagwira ntchito mosinthana usana ndi usiku. Sitima yotchedwa Dr. Fridtjof Nansen, ya dziko la Norway mogwirizana ndi FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, imazungulira magombe a Africa itanyamula akatswiri a m'maiko a kuno. Palinso zida zoyandama zokha za Argo, pafupifupi 4,000, zimene zimamira mpaka mamita 2,000 n'kubwerera pamwamba masiku 10 alionse kudzatumiza zimene zapima kudzera pa setilaiti. Zimene zapimazo zili pa intaneti kwaulere. Munthu wodziwa masamu ndi kompyuta angathe kufufuza za nyanja ya Indian ali chikhalire ku Chipoka.

Tsono njira yake. Pa MSCE alimbikire masamu, fizikisi, kemisitiri, bayoloje ndi Chingerezi. Ambiri okonda za nsomba amakangamira bayoloje n'kutaya masamu, kenaka amakavutika nawo kuyunivesite. Maphunziro a za nsomba ndi zamoyo za m'madzi alipo ku Bunda, pansi pa LUANAR, ndi ku Mzuzu University, ndipo ku Mpwepwe, ku Mangochi, kuli Malawi College of Fisheries yophunzitsa ntchito ya ulangizi. Za nyanja yamchere zenizeni angadzazitsate pa digiri yachiwiri, mwachitsanzo ku University of Cape Town kapena ku Institute of Marine Sciences ya ku Zanzibar. Ngati mtima wake uli pa mafunde ndi kayendedwe ka madzi osati pa nsomba, digiri ya fizikisi kapena masamu ingamutsegulire bwino khomo limenelo.

Za kudya nazo ndisakunamizeni. Malo a ntchito ya kafukufuku weniweni ndi ochepa, ambiri amadalira thandizo la mapulojekiti omwe amatha, ndipo unamwino umene bambo akunenawo uli ndi msika wodziwika. Komabe wophunzira zimenezi sangoyembekezera sitima ya kafukufuku. Amalembedwa pa ulimi wa nsomba, m'mabungwe ogawa madzi, oona za chilengedwe ndi za nyengo, ena amaphunzitsa. Komanso maphunziro a sayansi amene ndatchulawa ndi omwewo ofunika pa unamwino, ndiye palibe chifukwa chokangana lero pakhomo.

Tchuthi chikubwerachi mupite naye ku ofesi ya za nsomba konko ku Senga Bay, mukapemphe kuti azikhala ndi alangizi padooko m'mawa kwa masabata angapo, azilemba nawo. Akakwera boti, avale jekete yoyandamitsa ngakhale atakhala katswiri wosambira, ndipo tsiku la Mwera asapite. Akabwerako akununkha usipa koma akufunabe kubwererako mawa lake, mudzandilemberenso tikambirane za kasankhidwe ka makosi.