Funsani za Umoyo: Dzino Likasiya Kuwawa Lokha Silinapole

Makalata a mwezi uno achokera ku Mzuzu ndipo onse akudandaula za mano. Tawafupikitsa, ndipo awayankha ndi ogwira ntchito yosamalira mano.

Funso: Akulu, dzino langa lachibwano lakumunsi lili ndi kabowo kakang'ono. Poyamba linkalasa ndikamwa madzi ozizira, kenako linayamba kuwawa lokha usiku, tulo osabwera. Sabata yatha langoti zii. Kodi lapola? *Bambo wa ku Chibavi*

Yankho: Ayi bambo, silinapole. Dzino lobooka silidzimata lokha, ndipo malinga ndi zomwe mwafotokozazi, zikuoneka kuti mtsempha wake wafa.

Dzino lili ndi magawo atatu. Kunja kuli chikuto choyera chotchedwa enamel, cholimba kuposa fupa lililonse m'thupi, ndipo chilibe mitsempha. Pansi pake pali dentine, yachikasu pang'ono, yofewerapo, yokhala ndi timipata ting'onoting'ono tolunjika mkati. Pakati penipeni pali kachipinda ka mitsempha yomvera ululu ndi ya magazi, yomwe imatsika ndi muzu n'kutulukira kunsonga kwake, m'fupa la nsagwada.

M'dzino lowola simukhala mphutsi, ngakhale ena amalonjeza kuitulutsa. Chimabowola dzino ndi asidi. Mabakiteriya okhala m'litsiro lomata m'mano amadya shuga n'kutulutsa asidi amene amasungunula enamel pang'onopang'ono. Enamel ikabooka, kuwola kumathamanga mu dentine chifukwa ndi yofewa. N'chifukwa chake kabowo kamapusitsa: ngati chimanga cholowa anankafumbwe, kunja kabowo kakang'ono, mkati ufa wokhawokha.

Kawawidwe ka dzino kamauza pomwe kuwola kwafika. Likamalasa ndi zozizira kapena zotsekemera n'kusiya pakangopita masekondi ochepa, mtsempha ukadali bwino, ndipo kuchotsa zowola n'kumata kumakwanira. Ululu ukamakhalitsa mphindi zingapo, ukamabwera wokha, kapena ukamautsidwa ndi tiyi wotentha, mtsempha watupa. Popeza uli m'kachipinda kolimba komwe sikangatanuke, umafinyika, ndipo mukagona magazi amachuluka kumutu n'kuufinya kwambiri. Usiku umakhala wautali chifukwa cha chimenechi. Apa kumata kokha sikuthandizanso. Pambuyo pake mtsempha umafa ndipo ululu umaleka, koma mabakiteriya amapitiriza kutsika ndi muzu mpaka kupanga mafinya kunsonga kwake. Zingatenge masabata kapena miyezi. Mudzaona dzino likumveka ngati latalika, likuwawa mukaluma kapena kuligogoda, mwina lada, mwinanso pa nkhama patuluka kachithupsa ka mafinya komaphulika n'kubweranso.

Njira zilipo ziwiri. Ina ndi kuzula. Ina ndi root canal: amachotsa mtsempha wakufawo, kutsuka ngalande za m'mizu ndi tizida topyapyala, kuzidzaza, n'kumata dzino. Imafuna X-ray, nthawi zambiri maulendo awiri kapena atatu, ndipo sichitika pachipatala chilichonse. Yambani kuchipatala chapafupi, monga cha Mapale, ndipo ngati vuto lakula Mzuzu Central Hospital ili ndi gawo la mano. Musanavomere kuzula, funsani ngati dzinolo lingapulumuke, chifukwa lachibwano likachoka oyandikana nalo amapendekera m'mpatamo ndipo lakumtunda limatsika pang'onopang'ono. Koma ngati latsala chigoba chokha, kuzula ndiye chithandizo choyenera.

Funso: Ndine wa kabaza, sindingapite kuchipatala mpaka Lolemba. Anzanga akuti ndiike asipirini pa dzino, ena akuti madzi a m'batire kapena kachasu. Ndagulanso makapisozi a amokisilini. Ndichite chiti? *Mnyamata wa ku Zolozolo*

Yankho: Achimwene, pa zonsezo musachite ngakhale chimodzi. Asipirini ndi asidi: mukamutsamiritsa pa nkhama amawotcha n'kusiya chilonda choyera, ndipo sangalowe m'dzino kukaletsa ululu. Amagwira ntchito akamezedwa. Madzi a m'batire amapsereza nkhama, lilime ndi tsaya, amasungunula mano abwino omwe, ndiponso amakhala ndi mtovu. Kachasu amapha ululu mphindi zochepa chabe.

Amokisilini saletsa ululu wa mtsempha wotupa. Mtsempha ukafa, m'dzinomo simuyendanso magazi, choncho mankhwala alibe njira yolowera kumene mabakiteriya abisala. Maantibayotiki amaperekedwa ndi a chipatala matenda akayamba kufalikira, monga tsaya likatupa ndipo thupi likutentha, ndipo amangothandizira. Gwero lake liyenera kuchotsedwabe. Kumwa makapisozi awiri lero, awiri mawa, kumangozolowetsa tizilombo mankhwalawo. Akakupatsani maantibayotiki otchedwa metronidazole kuchipatala, mowa ayi mpaka patapita masiku awiri mutamaliza, chifukwa umasanzitsa koopsa.

Chochita podikira ndi ichi. Munthu wamkulu amwe panado awiri a 500 mg pa maola 6 aliwonse, osapitirira mapiritsi 8 pa maola 24. Kupitirira apo kumawononga chiwindi, makamaka kwa omwa mowa. Werengani pa paketi, chifukwa mankhwala ambiri a chimfine alinso ndi paracetamol, yemwe ndi panado yemweyo, ndipo amawerengedwa pamodzi. Bufeni amathandiza kwambiri pa dzino popeza amaphwetsa kutupa: 400 mg katatu pa tsiku mutadya, ndipo ngati mapiritsi ndi a 200 mg ndiye awiri. Mukhoza kumwa bufeni ndi panado tsiku limodzi. Bufeni asamwe munthu wa zilonda za m'mimba, wa vuto la impso, mayi woyembekezera, ndi womwa mankhwala oletsa magazi kuundana. Wa mphumu afunse kaye.

Sungunulani theka la supuni yaing'ono ya mchere m'kapu ya madzi ofunda, chukuchani kwa theka la mphindi n'kulavula, katatu kapena kanayi pa tsiku. Tsukani dzinolo ndi mswachi mofatsa kuti zakudya zisatsale m'bowo, ndipo osasolola ndi singano kapena waya. Tafunirani mbali inayo, ndipo pogona kwezani mutu ndi mitsamiro iwiri. Lolemba mupite ngakhale ululu utatha.

Funso: Amuna anga atupa tsaya chifukwa cha dzino. Apongozi akuti dzino lotupa salizula, adikire liphwe. Tidikire masiku angati? *Mayi wa ku Mchengautuwa*

Yankho: Mayi, asadikire ngakhale tsiku limodzi. Kutupako ndi mafinya amene aboola fupa n'kulowa m'mnofu, ndipo mankhwala ake enieni ndi kuwatulutsa, pozula dzino kapena pocheka pang'ono. Nthawi zambiri dzino limazulidwa litatupa. Nthawi zina wa mano amayamba wapereka maantibayotiki, monga pamene kukamwa kukukanika kutseguka kapena jakisoni wa dzanzi sakugwira bwino pamalo a mafinya, koma woweruza zimenezo ndi amene waona wodwala.

Pali zizindikiro zofuna kuthamangira ku Mzuzu Central ngakhale pakati pa usiku: kutupa kwatsikira pansi pa chibwano kapena pakhosi, makamaka mbali zonse ziwiri, lilime lakwera, akulephera kumeza mpaka malovu akutuluka, mawu asintha, kupuma kukuvuta, kukamwa sikukutseguka kokwana zala ziwiri, kutupa kwafika m'diso, thupi latentha ndipo akunjenjemera. Matenda ochokera ku mano achibwano akumunsi amatha kutseka njira ya mpweya m'maola ochepa, ndipo amapha. Kwa odwala shuga ndi omwe chitetezo chawo chatsika amafalikira msanga, choncho auzeni a chipatala matenda ena ndi mankhwala onse amene bambowo akumwa. Osathowa tsaya ndi madzi otentha. Ikani kansalu konyowetsa m'madzi ozizira.

Funso: Ndili ndi pakati pa miyezi 5. Dzino likuwawa ndipo nkhama zikutuluka magazi. Ndamva kuti kuzula dzino kumachotsa mimba. *Mayi wa ku Katoto*

Yankho: Si zoona, mayi. Kumata ndi kuzula kumachitika bwinobwino kwa woyembekezera, jakisoni wa dzanzi ndi wovomerezeka, ndipo miyezi ya 4 mpaka 6 ndiyo yabwino kwambiri. Choopsa ndi kusunga mafinya m'thupi. Auzeni a mano kuti ndinu woyembekezera, imwani panado, bufeni ayi. Nkhama zimatupa mosavuta pa nthawiyi chifukwa cha kusintha kwa mahomoni, ndipo zikamatuluka magazi musasiye kutsuka: chiseyeye chimakula ndi litsiro lotsala m'mphepete mwa nkhama. Mukasanza, chukuchani ndi madzi n'kudikira pafupifupi ola musanagwire mswachi, popeza asidi wa m'mimba amafewetsa enamel.

Funso: Anandizula dzino Lachiwiri. Tsiku loyamba ndinali bwino, koma tsiku lachitatu ululu wakula mpaka kukhutu, m'kamwa mukununkha. Kodi anasiya muzu? *Bambo wa ku Chibanja*

Yankho: Zingatheke, koma kawirikawiri chimachititsa ndi china. Dzino likazulidwa, m'dzenjemo mumaundana magazi amene amaphimba fupa, ndipo mnofu watsopano umamera pa iwo. Magaziwo akachoka, fupa limakhala pamtunda ndipo ululu umayamba pakati pa tsiku lachiwiri ndi lachinayi, ndendende momwe mwanenera. Amachoka chifukwa cha kuchukucha mwamphamvu, kulavulalavula, kuyamwa pa balapo, kugwiragwira ndi lilime kapena chala, ndipo koposa zonse kusuta fodya. Bwererani komwe anakuzulani akatsuke dzenjelo ndi kuikamo mankhwala oziziritsa. Limapola pa sabata imodzi kapena iwiri.

Kwa ena okazula: lumani thonje lomwe akupatsani kwa mphindi 30 osalankhula. Maola 24 oyamba osachukucha, osamwa mowa kapena zotentha kwambiri, osagwira ntchito yolemetsa. Dzanzi limatha pakapita maola awiri kapena atatu, ndiye dikirani musanadye kuti musadzilume. Kuyambira tsiku lachiwiri chukuchani mofatsa ndi madzi a mchere mukatha kudya. Fodya musiyeni masiku osachepera atatu. Magazi akabwerera, pindani kansalu koyera, lumani mphindi zina 30, ndipo akakana kusiya pitani kuchipatala.

Funso: Mano anga amayayamira ndikatuluka m'mawa kuzizira kwa Juni ndi Julaye kuno, koma alibe bowo. Ndimatsuka ndi makala kuti ayere. *Mtsikana wa ku Chiputula*

Yankho: Siyani makalawo, achemwali, ndi phulusa lomwe. Amapala enamel, ndipo kukwecha mwamphamvu kumabweza nkhama n'kusiya khosi la dzino poyera, pamene dentine imamva mphepo. Gulani mswachi wofewa ndi mankhwala otsukira mano olembedwa kuti ndi a mano omva kuzizira. Amagwira pakapita masabata awiri kapena kuposa. Ngati likulasa ndi dzino limodzi lokha, likaonedwe: mwina lang'ambika kapena lawola pakati pa mano, posaoneka pagalasi. Mano angapo akumtunda akamawawira pamodzi pa nthawi ya chimfine, makamaka mukawerama, vuto likhoza kukhala m'mphako za m'mbali mwa mphuno.

Funso: Mwana wanga wa zaka 6 akulira ndi dzino lakumapeto. Poti mano aubwana amaguluka, ndingomusiya? *Mayi wa ku Luwinga*

Yankho: Musamusiye. Pa zaka 6 kumbuyo kwa mano aubwana kumamera dzino loyamba lachibwano lachikhalire. Limamera popanda lina kuguluka, choncho makolo ambiri amaliyesa laubwana mpaka litawola. Werengani kuchokera pakati: mano aubwana ndi asanu mbali iliyonse, 20 onse pamodzi, ndipo lachisanu ndi chimodzi ndi lachikhalire. Ngakhale likhale laubwana, mafinya ake angawononge dzino lomwe likukula pansi pake, ndipo achibwano aubwana saguluka mpaka zaka 9 mpaka 12. Podikira chipatala mupatseni theka la panado wa 500 mg pa maola 6 aliwonse, osapitirira kanayi pa tsiku. Asipirini osapatsa mwana wosakwana zaka 16.

Chowononga mano a ana ndi kudya shuga pafupipafupi: tiyi wa shuga m'mawa, switi popita kusukulu, Sobo masana, nzimbe madzulo. Nthawi iliyonse asidi amagwira mano kwa mphindi 20 mpaka 30, choncho zotsekemera zidyedwe pamodzi ndi chakudya. Atsuke kawiri pa tsiku, mphindi ziwiri, makamaka asanagone, ndi mankhwala okhala ndi fluoride (cholimbitsa enamel) wosachepera 1000 ppm, zomwe zimalembedwa pa chubu. Mwana wosakwana zaka 3 muikireni kochepa ngati njere ya mpunga, wa zaka 3 mpaka 6 ngati nsawawa imodzi. Alavule thovu koma asachukuche ndi madzi, kuti fluoride atsale pa mano. Muzimutsuka kapena kumuyang'anira nokha mpaka atakwana zaka 7 kapena 8.