Kabuku ka ndalama kali kuti, mdzukulu wanga?

Mwana wina wa ku koleji wandilembera kuti, "Agogo, ndalama zomwe amanditumizira zimatha mwezi usanafike pakati, ndiuzeni geni yoti ndiyambe kuti ndizipeza zina." Ndamva mdzukulu wanga, ndipo mtima ukhale pansi, si iwe woyamba kugona ndi njala ku sukulu mthumba muli mbee. Koma ine ndikanakondwa ukanandifunsa kuti agogo, kodi ndalama zangazi zikumapita kuti? Paja ndowa yobooka olo utunge kawiri pa tsiku, madzulo uipeza ilibe madzi.

Ine popita ku koleji bambo anga sananene zambiri ayi. Anandipatsa envelopu ya ndalama, kabuku kakang'ono kokwana mthumba la malaya ndi pensulo yomangirira ulusi, amvekere khobidi lililonse lotuluka uzilemba umu, ndidzakaona pa holide. Teremu yoyamba sindinalembemo kanthu. Ndinagula nsapato zomwe sindimazifuna kwenikweni, kenako kumagulira anzanga zinthu kuti azinditama, pofika sabata yachisanu zonse zinali zitatha, masabata otsalawo ndinkachapira anzanga zovala kuti ndipeze chakudya. Nditafika kunyumba bambo anatsegula kabuku kaja, anapeza masamba oyera okhaokha, anakatseka nkundibwezera osanena kanthu. Kukhala chete kwawo kuja kumandiwawabe mpaka lero.

Teremu yachiwiri ndiye ndinayamba kulemba, usiku uliwonse ndisanagone, sopo, inki, sitampa ya kalata, chenji chomwe ndabwereka mnzanga, zonse. Anzanga ambiri analinso ndi timabuku totere, zinali zachizolowezi, mpaka Loweruka timakhala pa bedi kumawonkhetsa aliyense kake. Ndipo chomwe kabuku kanandionetsa nchakuti zinthu zikuluzikulu sizimene zinkandisaukitsa, koma tating'onoting'ono tija timene munthu sutikumbukira nkomwe mawa lake.

Tsiku lomwe ndalama yafika ndi limene umaigawa, isanagone nawe usiku umodzi. Poyamba patula ya ulendo wobwerera kunyumba, imeneyo usaikhudze zivute zitani. Kenako ya malo ogona, ya chakudya, ya mapepala ndi fotokope. Pa 10 iliyonse, 1 uike padera ngati mbewu, mlimi sadya mbewu olo njala itavuta bwanji. Yotsalayo uwerenge masabata, ngati semesita ili ndi masabata 16 iwe ugawe pa 18, awiri enawo ndi a matenda ndi zogwa mwadzidzidzi, chifukwa izo zimabwera ndithu, sizipempha chilolezo.

Nanga masiku ano mwaikanso ndalama zonse mu foni. Sindikunena kuti foni njoipa, inenso ana anga amanditumizira pomwepo, koma ndalama ya mu foni simalemera m'manja, ukungodina kamodzi yapita, bandulo ya intaneti yogula katatu pa sabata kuti uzionera mavidiyo mpaka tambala kulira, ndalama yodula potumiza, yodula potapa, ndipo palibe amene amakhala pansi kuwonkhetsa zimenezi. Ife tinkati tikatulutsa ndalama mu envelopu timaona ndi maso kuti yapyapyala, mtima umagunda. Inu mumadziwa foni ikakana basi. Kenako mumathamangira ngongole za mu foni momwemo, kapena katapila. Tamvera mwanawe, ukabwereka 100 pa chiwongoladzanja cha 20 mwezi uliwonse, osabweza kanthu, chiwongoladzanjacho nkumaberekanso chinzake, pakatha miyezi 4 ngongoleyo yadutsa 200. Semesita imodzi yokha imeneyo. Zobetcha mpira ndiye sindifunanso kuzimva, ndaona ana anzeru akusiya sukulu fizi itathera kumeneko.

Za geni wafunsazo, eya yamba, manja ako ndi abwinobwino. Phunzitsa ana a ku sekondale masamu madzulo, meta kapena luka anzako tsitsi, tayipira anthu ngati uli ndi kompyuta, chimene ukudziwa kale ndi chomwe sichifuna mpamba wambiri. Kungoti kalasi usajombe chifukwa cha kasitomala, unapitira pepala kumeneko. Ndipo geni imafunanso kabuku komweko, tsamba lina la mpamba lina la phindu, apo ayi udzadya mpamba uli kusangalala kuti zikuyenda. Mnzako akatenga pa ngongole lemba iye akuona, dzina ndi tsiku, usachite manyazi, ubwenzi wambiri ku hositelo umatha chifukwa wina akuti ndinabweza wina akuti sunabweze.

Bambo anga anamwalira kalekale koma kabuku kaja ndikadali nako mu sutikesi, pensulo inafufutika pena ndi pena koma manambala akuonekabe, ndipo pa tsamba lomaliza pali pomwe iwo anasainira atamaliza kuwonkhetsa. Iweyo kagule kako mawa, ka mapepala enieni osati ka mu foni, ulembe masabata awiri osadumpha tsiku, kenako undilemberenso undiuze chinthu chimene chadya ndalama zambiri. Za geni tidzakambirana bwino ukatero.