Kanjedza ndi zomera zina m'munda wa padambo

Mwafunsa ngati kanjedza angakule bwino m'munda umene madzi amadikha nthawi ya dzinja. Angakule ndithu, chifukwa mtundu wa Phoenix reclinata umamera wokha m'mphepete mwa mitsinje ndi m'madambo, ndipo pamalo onyowa kwambiri umatulutsa timizu toloza m'mwamba tokokera mpweya. Komabe mbande zake muzibzale pamitumbira, kuti tsinde lanthete lisamire madzi akasefukira.

Chiwale chimakonda chinyontho koposa kanjedza, koma chimafuna malo aakulu, sichipirira chisanu, ndipo thunthu lake likabereka zipatso kamodzi limauma. Pamatope penipeni bzalanipo koko ndi gumbwa, koma mizu ya gumbwa muziidula kawirikawiri, pakuti imayanga msanga mpaka kupanikiza zomera zinazo.