Nyenyezi ndi mabelu sizimene zimaphunzitsa mwana kuwerengera

Achemwali, mwafunsa ngati gemu ya pa foni yophunzitsa kuwerengera imene mukupangira ana a zaka 3 mpaka 5 muidzaze nyenyezi, mabelu ndi tizinyama tovina kuti mwana asatope nayo. Ine ndikuti zichepetseni kwambiri.

Mwana wa msinkhu umenewu amatengeka ndi chilichonse chowala kapena cholira. Akadina bakha n'kuona akuvina, adinanso kakhumi, ndipo funso loti abakhawo alipo angati laiwalika kale. Kholo likamuona ali duu pa sikirini limaganiza kuti akuphunzira, chonsecho chikugwira ntchito ndi chala chokha. Mu 2015 Kathy Hirsh-Pasek, katswiri wofufuza za kaphunziridwe ka ana, ndi anzake anatchula zinthu zinayi zofunika pa gemu yophunzitsa: mwana aziganiza yekha, asamasokonezedwe, zimene akuchitazo zizikhudzana ndi zomwe amazidziwa kale, komanso azicheza ndi munthu wina. Mabelu aja amaononga chachiwiricho.

Pa kuwerengera penipenipo ndiye pofunika kudekha. Ana ambiri amatha kuimba manambala mpaka 10 asanadziwe kuti nambala iliyonse imayendera limodzi ndi chinthu chimodzi, ndiponso kuti nambala yomaliza kutchula ndi imene ikunena kuchuluka kwa zonse. Ndiye musamupatse mayankho atatu oti angosankhapo, chifukwa adzangolota mpaka apeze. Mulekeni akoke bakha mmodzimmodzi kupita m'dziwe, mawu azitchula nambala bakhayo akangofika. Kenako gemu imuuze kuti, "Ndipatse abakha anayi," asiye yekha akafika pa anayi. Apa m'pomwe mudziwire ngati wamvetsa. Akalakwitsa, pasalire chiphokoso chomuchititsa manyazi. Abakha abwerere, awerenge nawo limodzi pang'onopang'ono.

Kumbukiraninso kuti sadziwa kuwerenga zilembo, choncho malangizo akhale a pakamwa kapena kadzanja kosonyeza chochita. Mabatani akhale aakulu. Kudina ndi kukoka amatha, koma kutsina sikirini ndi zala ziwiri kumawavuta. Zotsatsa malonda musaikemo n'komwe.

Chimene opanga magemu ambiri safuna kumva n'chakuti gemuyo iyenera kukhala ndi pothera. Mu 2019 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti ana a zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku atakhala pa sikirini, ndipo kucheperapo n'kwabwino. Gawo limodzi likhale la mphindi zochepa, lotsatira lisayambe lokha. Likatha, gemu imutume mwanayo kuti akapeze zinthu zinayi zenizeni m'nyumba akaonetse wamkulu. Ana aang'ono amavutika kutenga zimene aona pa sikirini n'kuzigwiritsa ntchito pa zinthu zogwirika, pokhapokha wina atawathandiza.

Musanapitirire ndi zojambula, ipatseni ana angapo, makolo awo atavomera, inu mukhale chete n'kumaona pamene akukakamira.