Akandikweza salale, msonkho undidya zonse?

FUNSO: Amalume, ndine mtsikana wa Fomu 4 kuno ku Kasungu, za PAYE aphunzitsi anangotchula nkudutsa ine osamva kanthu. Ndiye achimwene anga amagwira ntchito pa shopu ya zipangizo zaulimi pa boma pano, amalandira K490,000 ndipo abwana akufuna awakweze ifike K520,000 koma iwo akuzengereza, ati akangodutsa K500,000 msonkho ulumpha kufika 30 peresenti ndiye azitenga zochepa kuposa pano. Nzoona zimenezi?

YANKHO: Ayi mwanawe, achimwene akowo anawanamiza ndipo apite akalandire ndalamazo mawa lomwe abwana asanasinthe maganizo. Bodza limeneli lafala kwambiri, ngakhale anthu a mataye amalikhulupirira.

PAYE ndi msonkho umene bwana amadula pa salale mwezi ndi mwezi iwe usanaigwire nkomwe, kenako amakaupereka ku MRA, bungwe lotolera misonkho, pofika pa 14 mwezi wotsatira. Koma sadula ndi peresenti imodzi pa ndalama yonse ayi, amaidula mmagawo. Tenga ngati ukutunga madzi mu ndowa zingapo, yoyamba ikadzadza ndi pamene otsalawo amapita mu yachiwiri, ndipo ndowa iliyonse ili ndi mtengo wake.

Tigwiritse ntchito magawo amene anayamba mu Epulo 2024, poti ndi omwe achimwenewo akunena, ngakhale panopa anasintha. K150,000 yoyamba panalibe msonkho olo tambala. Kuchoka pamenepo mpaka K500,000 inali 25 peresenti, kuchoka pa K500,000 mpaka K2,550,000 inali 30, yoposera apo 35. Tsopano tenga kakyuleta. Pa K490,000 chotsa K150,000 yaulere ija, itsala K340,000, ndiye 25 peresenti yake ndi K85,000, mthumba mulowa K405,000. Akakwezedwa kufika K520,000, gawo la 25 peresenti lija ladzadza ndi K350,000 ndipo msonkho wake ndi K87,500, kenako ka K20,000 kamene kasefukira pamwamba nkokhako kamene kakumana ndi 30 peresenti, ndiye K6,000 basi. Zonse pamodzi K93,500, kunyumba apita ndi K426,500. Waona? Awonjezera K21,500 mwezi uliwonse, imeneyo si yoti munthu nkuikana ndi mmene fetereza akuvutiramu.

Pa mayeso ana ambiri amalakwitsa pomwepa, amangotenga salale yonse nkumenya 30 peresenti, malikisi onse kupita. Ndipo manambalawa usawaloweze ngati Atate Wathu chifukwa nduna ya zachuma imawasintha ikamapereka bajeti ku Nyumba ya Malamulo, chaka cha 2023 gawo laulere linali K100,000. Gwira njira yowerengerayo, magawo atsopano uziyang'ana ku MRA kapena pa pepala la mayesolo.

Chinanso achimwenewo akayang'ana pay slip apeza 5 peresenti ya penshoni, asaisakanize ndi msonkho, imeneyo ndi ndalama yawo yomwe ikuwadikira akadzapuma ndipo bwana naye amaikapo 10 peresenti.

FUNSO: Ine pa holide ndimagulitsa mandasi pa Chinkhoma nyengo ya fodya kuti ndipeze ya fizi, anzanga akundiopseza kuti a MRA adzandigwira. Nditani amalume? Mnyamata wa Fomu 3.

YANKHO: Pitiriza kukazinga mphwanga. Msonkho wa munthu wa bizinesi umawerengedwa pa ndalama za chaka chonse, ndipo mandasi a holide imodzi sangafike pa mulingo woti uyambe kukhoma. Tiketi imene umadula pa msika ndi ya khonsolo, si ya MRA. Komatu usaganize kuti sukhoma kalikonse, ukagula mayunitsi VAT, msonkho wa pa zogula, ili momwemo kale.

Bizinesi ikadzakula, mwina wayamba kupereka mandasi ku sukulu kapena ku ofesi, adzakufunsa TPIN, nambala yako ya msonkho imene umalembetsa ku MRA, ndiye yamba panopa kulemba mu kope zomwe wagula ndi zomwe wagulitsa tsiku lililonse.