Land Cruiser ikuchucha oilo kutsogolo: yatha ndi seal yamkati

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake Land Cruiser 80 yanu ikuchucha zamadzimadzi zakuda kuseri kwa tayala lakutsogolo, komanso ngati kusintha ma felt akunja (timalamba ta nsalu yokhuthala totchinga kuseri kwa chitsulo chokhotetsa tayala) kungathetse vutoli. Ayi, sikungathetse. Ntchito ya ma felt aja ndi kutchinga fumbi ndi kusunga girizi basi. Imene yatha ndi seal yamkati mwa axle, yomwe imaletsa oilo wa mu difu kulowa mu knuckle, chitsulo chokhotetsa tayala chija, momwe mumakhala girizi. Oiloyo akalowa amasungunula girizi, birfield (joini ya shafuti imene ili mu knuckle) n'kuyamba kudyeka, ndipo akafika pa mabuleki ndiye kuti moyo wanu uli pachiswe. Chonde musazengereze.

Musanamasule chilichonse, yang'anani breather, potulukira mpweya pamene pali pamwamba pa axle. Ikatsekeka ndi matope, mpweya wotentha umasowa potulukira n'kumakankha oilo kudzera pa seal, ngakhale itakhala yatsopano. Ambiri amaiwala pamenepa.

Kuti muifikire seal, chotsani caliper (chopanira mabuleki), hub (pomangirira tayala) ndi spindle (chitsulo chomwe hub imazungulirapo), kenako musolole shafuti pamodzi ndi birfield. Manati a hub amafuna soketi ya 54mm. Yendetsani chala pa shafuti pomwe seal imagwira: ngati pakumbika mzere, yatsopanoyo ichuchanso. Ine ndingakulangizeni kugula seal ya Toyota yeniyeni. Ikhomeni mowongoka, ipakeni oilo pang'ono pamlomo pake, ndipo pobwezera shafuti muziinyamula bwino kuti isaikhule.

Popeza mwamasula kale, sinthiranitu ma felt, ma gasket ndi ma beringi a knuckle. Mu knuckle ndi mu birfield ikani girizi wa moly (wokhala ndi molybdenum), ndipo mu difu muthire oilo watsopano wa 80W-90 GL-5, chifukwa wakaleyo wasakanikirana ndi girizi. Mbali inayo muikonzenso tsiku lomwelo.