Imelo yakale ya AOL ikukana kulowa mu Outlook

Mayi ena andilembera kalata kufunsa chifukwa chake adiresi yawo ya imelo ya ku kampani ya AOL, imene anatsegula kalekale ali ku America, ikukana kulowa mu Outlook, pulogalamu yowerengera ndi kutumizira maimelo, pa kompyuta yatsopano, chonsecho akailowa kudzera pa intaneti imatseguka bwinobwino.

Mayi, tiyambe ndi manambala oti mulembe mu Outlook, a njira yolandirira makalata yotchedwa IMAP. Seva (kompyuta ya AOL yosunga makalata anu) yolandirira makalata ndi imap.aol.com, port 993, ndipo seva yotumizira ndi smtp.aol.com, port 465. Pa zonse ziwiri musankhe SSL, njira yotetezera makalata akamayenda pa intaneti. Pa dzina lolowera lembani adiresi yonse mpaka @aol.com, osati chigawo choyamba chokha. Mu Outlook yakale muli kabokosi konena kuti seva yotumizira nayonso imafuna dzina ndi pasiwedi; mukachonge. Anthu ambiri amakadumpha, ndiye makalata amafika ndithu, koma amene iwo alemba amangounjikana mu Outbox osachoka.

Komabe ine ndikuona kuti chimene chakutsekerani khomo ndi pasiwedi. Masiku ano AOL salola mapulogalamu akale kulowa ndi pasiwedi ya masiku onse, ngakhale mutailemba molondola chotani, n'chifukwa chake kawindo kofunsa pasiwedi kamangobwerabwera. Lowani mu akaunti yanu pa intaneti, pitani pa Account Security, ndipo dinani pamene palembedwa kuti Generate app password. Mudzapatsidwa pasiwedi yapadera ya pulogalamu imeneyo yokha. Ikopereni nthawi yomweyo n'kuiika mu Outlook m'malo mwa yakale ija, chifukwa mukatseka kawindoko simudzaionanso, ndipo mudzafunika kupanga ina.

Munafunsanso za POP, njira ina yolandirira makalata imene malangizo akale amatchula kawirikawiri. Ilipobe, pa pop.aol.com, port 995, koma sindikulangizani kuigwiritsa ntchito. POP inapangidwira nthawi imene munthu ankakhala ndi kompyuta imodzi: imakoka makalata n'kuwasunga pa makinawo, ndipo ikapanda kukonzedwa bwino imawafufuta pa seva. Kompyutayo ikabedwa kapena ikafa, makalata a zaka zonsezi angathe kupita nayo limodzi, ndipo m'makalata otere ndi mmene mumakhala malisiti, zithunzi za abale ndi nkhani za kubanki. IMAP imasiya zonse pa seva, moti zimene mwawerenga kapena kufufuta pa kompyuta zimaonekanso chimodzimodzi pa foni. Ngati akaunti yakale ya POP idakalipo pa kompyuta ina, musaichotse musanasunge makalata ake m'fayilo yapadera.